Rubble ndi chiyani kwenikweni, abale?

Wa ku Randburg: Akuluakulu pagulu pano ndithandizeni. Ndili pa ganyu yogumula khitchini. Bwana anati ndichotse rubble, ine ndasesa zonse, njerwa, matabwa, zitini za penti, mapepala a simenti, n'kuunjika pamodzi. Wandikalipira, ndipo wandidula ndalama za tsikulo. Ndalakwa pati?

Wa ku Cape Town: Pepa mng'ono wanga, tonse tinadutsamo. Rubble ndi zolemera zokhazokha: njerwa zosweka, zibenthu za konkire, matailosi, miyala. Zinazo ndi rubbish, zinyalala wamba. Zikakhala zosasakaniza amakazigaya n'kuthira pansi pa msewu kapena pa maziko, nchifukwa chake kotayira savuta nazo. Ukasakaniza, mtengo umakwera, bwana n'kupsa mtima.

Wa ku Leeds: Si iwe woyamba kusokoneza mawu awiriwa, amamvekadi ngati apachibale. Rubble ndi mawu akale, analowa m'Chingelezi cha m'ma 1400 kuchokera ku Chifalansa chomwe chinkayankhulidwa ku England, a Norman atalanda dzikolo mu 1066. Amisiri akale ankatchula choncho miyala yosasema, yomwe ankadzazira mkati mwa makoma okhuthala a matchalitchi. Ndiye kuyambira kale chinali chinthu cha ntchito. Palinso debris, a Chifalansanso, ochokera ku mawu otanthauza kuswa. Amenewo umawamva kwambiri pa wailesi, nyumba zikagwa ndi chivomezi.

Wa ku Cape Town: Aphunzitsi choko sanaiwale! Ine zaka zonsezi ndimangodziwa kuti wilibala imalemera.

Wa ku Leeds: Kuno njerwa zoswedwa zoyala pansi pa silabu amati hardcore. Ndipo mu skip, chibini chachikulu chotayiramo zogumula, osaponyamo plasterboard, mabodi a pulasitala a siling'i ndi makoma, pamodzi ndi zina, amafuna payokha.

Mayi a ku Durban: Mwananga, nkhawa yanga ndi ina. Nyumba zakale zambiri zili ndi malata ndi masiling'i a asbestos, otuwa aja, ooneka ngati simenti. South Africa inaletsa mu 2008 koma akadalipo pa madenga. Ukawaona osaswa ndi hamala, osasesa fumbi lake. Limakhala m'mapapo, matenda n'kudzaonekera patapita zaka zambiri, uli kale kumudzi. Umuuze bwana aitane oloredwa kuchotsa.

Wa ku Tembisa: Ine ndimanyamula rubble pa bakkie, galimoto ya pikapu. Langizo langa, gwirizanani mtengo pa ulendo uliwonse, osati pa mulu wonse. Mulu umanamiza maso. Ndinavomerapo ntchito ndikuyesa maulendo awiri, anakwana asanu, mafuta onse anga. Komanso osataya m'mbali mwa msewu usiku. Akakugwira ndi chindapusa, ndipo mafunso a mapepala amayambira pomwepo.

Wa ku Randburg: Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndilawirira ndikapatule milu iwiri. Amayi, siling'i ya m'bafa ndi yotuwa ngati mwanenamo, mawa lomwelo amafuna tiigwetse. Ndiijambule ndikutumizireni?

Mayi a ku Durban: Tumiza, koma pachithunzi munthu sangatsimikize. Usaikhudze mpaka ayeze.