Kodi mantha angawa akuchotsa chitetezo cha Mulungu pa mwana wanga?

Mayi wa ana atatu:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi anapezeka ndi chotupa m'mimba, ndipo madokotala anadula kachigawo kuti akakayeze, koma zotsatira zake sizinatulukebe. Masana ndimalimba mtima pamaso pake, koma usiku ndimadzidzimuka mtima ukugunda, n'kukaima pakhomo la chipinda chake kumvetsera ngati akupuma bwino. Mnzanga wina wa kutchalitchi anandiuza kuti Salimo 91 imateteza okhawo amene saopa, ndiponso kuti mantha anga akutsegulira mdani khomo. Chimvereni mawu amenewo, nkhawa yanga yakula, chifukwa tsopano ndikuopa kuti ine ndi amene ndikupweteketsa mwana. Kodi n'zoona kuti munthu akaopa, Mulungu amachotsa dzanja lake? Nanga n'chifukwa chiyani amachedwa kuyankha pamene munthu wafika pothina chonchi?

Mkulu wa mpingo:
Amayi, pepani ndi mavutowa. Ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti mnzanuyo, ngakhale anali ndi cholinga chabwino, wakusenzetsani katundu amene Malemba sakusenzetsani. Davide analemba Salimo 56 Afilisti atamugwira ku Gati, ndipo pa vesi 3 akunena kuti tsiku limene adzaope adzakhulupirira Mulungu. Mantha ndi chikhulupiriro zili m'chiganizo chimodzi, ndipo munthu wake ndi mmodzi yemweyo. Nayenso Paulo akuvomera pa 2 Akorinto 1:8 kuti masautso a ku Asiya anamulemera mopitirira mphamvu zake mpaka anataya chiyembekezo choti akhala ndi moyo.

Salimo 91 ndi yoona, koma tiyenera kuigwira mosamala, pakuti ndi salimo yomweyi imene Satana anatchula poyesa Yesu pamwamba pa kachisi, monga tiwerenga pa Mateyu 4:6. Iye anafuna kusandutsa lonjezo kukhala chida chokakamizira Mulungu, ndipo Ambuye anakana. Ine mutu umene umandithandiza kwambiri ndi Machitidwe 12. Herode anapha Yakobo ndi lupanga, kenaka anatsekera Petro m'ndende, atamangidwa ndi maunyolo awiri pakati pa asilikali awiri. Petro anatulutsidwa ndi mngelo, koma Yakobo sanapulumutsidwe, ndipo Luka, mlembi wa bukuli, sakunena paliponse kuti Yakobo anali ndi chikhulupiriro chochepa. Taonaninso anthu amene ankapempherera Petro m'nyumba ya Mariya, mayi wa Yohane Marko: mtsikana Roda atawauza kuti Petro ali pachipata, iwo anamuyankha kuti wachita misala. Mulungu anayankha pemphero la anthu amene sanakhulupirire ngakhale yankho likugogoda pakhomo. Choncho moyo wa mwana wanu sunapachikike pa kulimba kwa mtima wanu, Amayi. Uli m'manja mwa amene anamulenga.

Mlongo wanu mwa Khristu:
Ndikugwirizana ndi zimene abambo anena pamwambapa, ndipo ine ndikhudze funso lanu lachiwiri, la kuchedwa. Pa Yohane 11, Marita ndi Mariya anatumiza uthenga kwa Yesu kuti Lazaro akudwala. Mlembi akuyamba watiuza kuti Yesu ankakonda onse atatu, kenaka n'kunena kuti anakhalabe masiku awiri kumene anali. Pofika ku Betaniya, anapeza Lazaro atatha masiku anayi m'manda. Chimene chimandikhudza n'chakuti alongo onse awiri, wina aliyense payekha, anamuuza mawu ofanana, akuti akanakhala alipo, mlongo wawo sakanamwalira. Amenewa ndi mawu a madandaulo, ndipo Yesu sanawadzudzule. Anafunsa kumene anamuika, ndipo analira, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa amuitana kuti atuluke.

Sindikukuuzani nkhaniyi kuti ndikulonjezeni kuti zinthu zidzatha monga zinathera ku Betaniya, chifukwa palibe mmodzi wa ife amene ali ndi ulamuliro wolonjeza zimenezo. Ndikunena kuti masiku awiri aja, amene alongowo ankayang'ana kumsewu osaona munthu, anali masiku amene ankakondedwa ndithu. Mukadzuka usiku, musadzikakamize kupemphera mawu osalala. Muuzeni Ambuye kuti akuchedwa ndipo mukuopa. Mabuku a Masalimo ndi Habakuku ali ndi mapemphero ofunsa kuti kufikira liti, ndipo Mulungu anawasunga m'Mawu ake.

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, zauzimu abale anena bwino. Ine ndiwonjezere za kuchipatala, chifukwa ndaona anthu ambiri akuganiza kuti kudikira nthawi ya Mulungu ndiko kukhala manja lende. Nehemiya, adani atawopseza omanga linga la Yerusalemu, anapemphera ndipo anaikanso alonda usana ndi usiku. Paulo ali m'ngalawa ya anthu 276 pakati pa namondwe panyanja, mngelo atamutsimikizira kale kuti palibe amene adzafe, anawalimbikitsabe kuti adye, pakuti linali tsiku la 14 asakudya bwino, ndipo anachenjeza kuti amalinyero asathawe m'ngalawamo.

Inunso funsani achipatala tsiku limene akuyembekezera zotsatira ndi munthu amene mungakamufunse, ndipo tsikulo likadutsa, bwereraniko popanda manyazi. Kuyeza kachigawo kumatenga nthawi chifukwa amayamba akaumitsa, kukadula mopyapyala kwambiri, kukapaka mankhwala a utoto, ndipo kenaka katswiri amakaunika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Kuchedwa pakokha sikutanthauza kuti apeza choipa, ndipo si chotupa chilichonse chimene chili khansa. Mwana akayamba kusanza mosalekeza, kutentha thupi, kapena ululu ukakula, musadikire zotsatira, pitani naye nthawi yomweyo. Pezaninso munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro amene mungamuimbire foni ngakhale pakati pa usiku, ndipo tsiku lokalandira zotsatira adzakuperekezeni kuti musakamve nokha. Mudzatiuze tsikulo likayandikira kuti tonse tidzakhale pa pemphero.