Mango a Keitt akukwinyika osapsa, ndithandizeni

NaJere: Anzanga, mpamba ukupita uku. Ndapikula ma Keitt ku Golomoti, ndavundika m'makatoni, koma akungokwinyika. Ndadula limodzi, m'kati mbuu, kuwawasa kwake osanena. Ena ali ndi mizere yakuda kuchokera pa kamtengo. Wa maoda wanga wa ku Lilongwe akuimba foni. Nditani?

aMaseko: Ikanimo nthochi zakupsa mayi, mufunditse bwino. Apsa amenewo.

Make Tadala: Keitt mu Disembala, achemwali? Amene uja ndi wochedwa, amakhwima maboloma atatha. Anakuthyolerani anthete. Bango lokhwima mapewa ake amakhala atadzadza mbali zonse za kamtengo, ndipo mukadula, mnofu wa pafupi ndi njere umakhala utayamba chikasu. Loyera m'kati lifewa inde, koma shuga mulibe.

aMaseko: Nthochi simunayese.

Bambo a Yamikani: Mizere yakudayo ndi utomoni, wawotcha khungu. Anyamata akamangokudzula kapena kugwedeza mtengo zimatero. Pothyola asiye kamtengo kotalikirapo, mukadule pansi n'kuzondotsa bangolo kuti utomoni udonthere pansi. Ine chaka china ndinawasiya okha anyamata ku Bwanje, ndinapeza akugenda ndi miyala. Ngolo yonse mabala okhaokha, pofika pa Kampepuza n'kuti akununkha mowa. Zinadya nkhumba.

Make Tadala: Komanso musamadikire kuti Keitt asinthe mtundu, amakhalabe wobiriwira ngakhale atapsa. Muzifinya pang'ono ndi chala.

NaNgozo: Chonde wina asakunamizeni za kabaidi wa owotcherera uja. Kunja chikasu, m'kati chiwisi, ndipo ndi poizoni, akudya ndi ana. Mufiriji musaikemonso, bango losapsa likazizidwa kwambiri khungu limada ndipo silipsanso bwino.

aMaseko: Ine ndayamba geniyi ena muno asanabadwe. Nthochi ndi masamba ake m'dengu, basi.

Make Tadala: Bambo Maseko, nthochi imafulumizitsa lokhwima kale, palibe akukana. Awa ndi anthete.

aMaseko: Ayese kaye.

Bambo a Yamikani: Mukafunditsa kwambiri ndi kutentha kwa kuchigwaku, madontho akuda a matenda amabuka msanga, makamaka mvula ikayamba. Muzitsegula tsiku lililonse n'kuchotsa oola. Olumidwa ndi ntchentche muwakwirire mozama, mphutsi zake zimasanduka ntchentche m'dothi momwemo.

NaNgozo: Paja alipo akukwera ku Lizulu Loweruka ndi galimoto? Ndili ndi madengu a tomato, tigawane mtengo wa mafuta.