"In", "on", "at" ndi "to": ndi liti lomwe limalowa pati?

Nachisale:
Akuluakulu ndithandizeni. Ife timangoti mumsika, pamsika, kumsika, nkhani yatha. Pa Chingerezi ndinene "in the bus" kapena "on the bus"? Nanga "I arrived to Blantyre" yalakwika pati?

Chisomo_Fomu4:
Achemwali, yambirani pa mu-, pa- ndi ku- omwewo. Mu- kawirikawiri ndi "in", chinthu chili mkati: "in the pot", "in the room". Mizinda ndi mayiko nazonso zimatenga "in", ngakhale ife timati ku Zomba: "She lives in Zomba."
Wovuta ndi pa-, poti amagawika pawiri. Chinthu chikagona kapena kumatirira pa chinzake, ndi "on": pamphasa ndi "on the mat", pakhoma ndi "on the wall". Koma pakakhala pamalo poima chabe, ndi "at": pakhomo ndi "at the door", pasiteji ndi "at the bus stop".

Aphiri:
Cholakwika cha ku Blantyre chija gwero lake ndi ku-. Timati ali kusukulu, timatinso akupita kusukulu, ku- yemweyo. Chingerezi chimalekanitsa: wokhala ndi "at school", woyenda ndi "to school". Tsono "arrive" amawerengedwa kuti ulendo watha, motero salola "to". Mzinda ndi "arrive in Blantyre", malo aang'ono ndi "arrive at the depot". "Reach" ndi "enter" safuna "to", "in" kapena "at" pambuyo pake: "reach Mzuzu", "enter the room". Chimodzimodzi "go home". Mukaikapo "to" pamenepo, malikisi apita.

Nangozo:
Za basi: chomwe mungaimirire n'kuyenda mkati mwake ndi "on", monga basi, sitima, ndege. Chomwe mumalowa mowerama n'kukhala pomwepo ndi "in": galimoto, takisi. Njinga ya kabaza mumakhala pamwamba, ndiye "on". Potsika zimatsatana: "get off the bus" koma "get out of the car". Minibasi ili pakatikati, onse awiri amamveka.
Mukanena "by", chotsani "the": "by bus". Wapansi ndi "on foot".

Aphiri:
Ndinaiwala za kuwoloka. Msewu kapena mtsinje ndi "across the Shire", koma kudutsa mkati mwa chimanga n'kutulukira kwina ndi "through the maize field".