Bwanji mayiko osakhala ndi nkhokwe imodzi ya mankhwala?

Mayi_wa_awiri:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga anadwala chibayo, adokotala analemba amoxicillin koma kuchipatala anati anatha, ndinayenda mafamase atatu ndisanawapeze ndipo usiku umenewo sindinagone. Ndiye ndikufunsa, bwanji mayiko osangogwirizana nkukhala ndi nkhokwe imodzi yoti dziko lomwe lasowa lizikatapako?

Wazaumoyo:
Pepani kwambiri mayi. Nkhokwe zotere zilipo koma ndi za katemera, osati mankhwala atsiku ndi tsiku. Kuyambira 1997 pali gulu loyang'anira nkhokwe za katemerazi lotchedwa ICG, muli WHO, UNICEF, bungwe la madokotala la MSF ndi a Red Cross, anayamba ndi katemera wa matenda oumitsa khosi, kenako yellow fever, wa kolera anabwera 2013, wa Ebola 2021. Mliri ukagwa dziko limapempha ndipo iwo amayankha m'masiku awiri. Koma mu October 2022 kolera inabuka mayiko ambiri nthawi imodzi, katemera anachepa mpaka anasiya kupereka madozi awiri, munthu aliyense dozi imodzi basi. Opanga ake anali ochepa, ndiye nkhokwe imatha msanga kuposa mmene amaidzazira.

Mlendo22:
Ine chimandipweteka nchoti zinthu zikathina dziko lililonse limatseka chitseko. Mu March 2020 corona itangoyamba India inaletsa kutumiza kunja mitundu 26 ya mankhwala ndi zopangira zake, paracetamol yemwe anali momwemo, chonsecho zopangira mankhwala ambiri padziko zimachokera ku India komweko ndi ku China. Ndiye nkhokweyo ikamangidwa m'dziko lina, tsiku lovutalo makiyi akhala ndi ndani?

Wazaumoyo:
Funso lanu ndilolemera achimwene, malamulo akagawidwe amayenera kusainidwa mliri usanafike. Vuto lina ndi loti mankhwala amatha mphamvu, sungangowaunjika nkuwaiwala, akale ayenera kumatuluka atsopano akulowa ndipo zimenezo zimadya ndalama chaka ndi chaka. Ku Ulaya nakonso amoxicillin anasowa kumapeto kwa 2022, ndiye mu October 2023 a EU anakhazikitsa njira yoti dziko losowa lizipempha anzake ligawiridwe, kungoti ndi mwakufuna, palibe wokakamizidwa kupereka.

Mayi_wa_awiri:
Zikomo nonse, mwana anachira. Sindimadziwa kuti za katemera zilipo kale. Koma ngati anakwanitsa ndi katemera wofuna mafiriji, ayeseko ndi mankhwala a chibayo a ana, awa ndi mapilisi chabe, ndipo mwana wobanika sangadikire sabata.