Thandizeni abale, mantha akundisowetsa tulo ngakhale ndikupemphera

Membala wosatchula dzina: Admin mundibisire dzina chonde, anthu a kwathu kuno ambiri ali pa gulu lino. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Dwangwa, ndimagulitsa usipa ndi tomato pamsika. Ndine mkhristu, ndinabatizidwa ndili mtsikana ndipo kwaya ndimayimba mpaka lero, koma mantha andigwira moti ndasowa kolowera. Chiyambire Lachiwiri lija anandiuza nkhani ija sindikuona tulo. Ikangokwana cha m'ma 2 koloko usiku mtima umagunda ngati ng'oma, thukuta kamukamu, ndimadzuka n'kukhala pa mphasa mpaka atambala kulira. Ndikatsegula Baibulo maso amangoyenda pa mawu koma mutu uli kwina.

Komanso pakhomo pano zinthu sizili bwino ndi kale. Madzi osefukira a mu February 2024 anatigwetsera khitchini n'kutenga matumba a chimanga, mpaka pano timaphikira pa khonde. Mlamu wanga anabwereka beseni langa lalikulu lonyamulira nsomba, mwezi wachinayi uno, ndikamufunsa akuti ndimakonda zinthu kuposa abale. Apongozi nawo akuti ndikuwonda chifukwa cha nsanje. Bambo a kunyumba amachezera pa nyanja kupha nsomba ndi khoka la chilimira, akabwera amangofikira kugona, ndiye ndiwauze nthawi yanji? Ku banki mkhonde ndatsalira masabata awiri. Funso langa ndi ili, munthu wopemphera n'kumaopa chonchi, ndiye kuti chikhulupiriro changa chatha? Ndichite chiyani kuti mtima ukhale pansi?

Bambo a Chisomo: MANTHA SACHOKERA KWA MULUNGU!! Tsegulani 2 Timoteo 1:7 muone nokha, sanatipatse mzimu wa mantha. Vuto la akhristu a masiku ano mumafuna kupemphera mutakhuta nsima. Salani kudya masiku atatu, osalawa ngakhale madzi, muone ngati satana sathawa.

Naphiri wa ku Khombedza: Pepani mayi. Koma nkhani imene munauzidwa Lachiwiriyo ndi yotani, ndipo anakuuzani ndani? Ndi za kuchipatala, za ngongole kapena za m'banja? Za beseni tamva, koma chimene chikukudzutsani usikucho simunachitchule.

Mayi a Yankho: Mwandikumbutsa zanga. Usiku wa madzi uja ine ndinali ndi mwana wa miyezi isanu kumsana, madzi afika m'chiuno, mdima uli bii, mbuzi zikulira m'khola ife osatha kuzimasula. Tinakhala pa kampu ku sukulu masabata angapo. Mpaka lero mvula ikangoyamba kuwaza pa malata ndimadzutsa ana n'kuwaveka nsapato. Ndiye musamadzione ngati muli nokha. Ine ndimayimba nyimbo za m'buku chapansipansi mpaka mvula kukata.

Achimwene a pa Kamuzu Road: Ndani sakuopa dziko lino? Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023, sopo, shuga, mafuta ophikira, chilichonse chinakwera. Munthu ukalowa mu golosale mtima umagunda wokha. Mayi inu si satana ayi, ndi umphawi umenewo.

Bambo a Chisomo: Inu a pa Kamuzu Road musabweretse ndale pano. Danieli anali m'dzenje la mikango, kunalibe kwacha kumeneko, koma sanaope. KUOPA NDI KUSAKHULUPIRIRA, basi.

Nabanda: Ine maso anga ali pa mlamuyo. Munthu angakanirire beseni miyezi inayi popanda chifukwa? Zinthu zogwirira bizinesi sabwereketsa, anthu amachitira zinthu. Likabwera mukaliwotche.

Naphiri wa ku Khombedza: Anabanda, musawonjezere mantha pa mantha ena. Anthu akhala akumenyedwa m'midzi muno chifukwa cha mawu ngati amenewa. Beseni ndi beseni.

Siginala wa ku Senga Bay: Ine ndakulira pa nyanja. Mwera ukatipeza pakati mu July, boti likudzaza madzi, palibe mwamuna amene saopa, ngakhale mkulu wa mpingo amene timayenda naye amanjenjemera. Timapemphera, koma dzanja lina likukapa madzi ndi chigubu chodula. Pa Marko 4 paja ophunzira ena anali asodzi ozolowera nyanja, koma namondwe atakula anachita mantha n'kumudzutsa Yesu amene anagona kutsigiro. Anawadzudzula, inde, koma sanawatulutse mu ngalawa. Komanso mayi, mwamuna wa chilimira muzimuuza nkhani masana akadzuka n'kudya, asanayambe kukonza nyali. Nthawi imeneyo timamva.

Bambo a Chisomo: Mwavomera nokha kuti ANAWADZUDZULA. Ndiye ine ndalakwa pati? Ine chaka chatha mwana anadwala, ndinakwera phiri masiku atatu, ndinatsika mwana akusewera panja. Anthu simufuna choonadi.

Mayi a Tadala: Bambo a Chisomo, mwana wanuyo tikuthokoza Mulungu, koma munthu amene akuwonda, sakugona, ndipo amakhala pa dzuwa la ku Dwangwa tsiku lonse, mukumuuza asamwe madzi masiku atatu? Mudzamunyamula ndinu akakomoka pamsika? Werengani 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri weniweni, anathawa Yezebeli ndi mantha mpaka kupempha imfa pansi pa mtengo. Mngelo atabwera sanamukalipire, anamupatsa mkate ndi madzi, Eliya n'kugonanso. Mayi inu, pitani ku chipatala akakuyezeni BP ndi shuga, kugunda kwa mtima ndi thukuta usiku nthawi zina ndi thupi. Mukawauzenso za kusowa tuloko, alipo anamwino oona za maganizo.

Mnyamata wa kabaza: Mayi ingondiuzani kumene amakhala mlamuyo, beseni ndikalitenga lero lomwe pa njinga, ulere 😂

Mayi a Yankho: Iwe mwana, munthu akulira iwe ukuseka?

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Anaphiri, nkhaniyo sindingailembe pano, ndikangoyamba kulemba manja amanjenjemera. Anandiuza kuti ndibwerenso pa 14, ndiye masiku akamayandikira mantha akukula. Za kuwotcha beseni ayi, ndinagula lodula. Ndipo dzulo mlamuyo wadutsa pakhomo osapereka moni, apongozi ali pomwepo osanena kanthu.

Naphiri wa ku Khombedza: Mubwerenso kuti, mayi? Ngati ndi kuchipatala, pa 14 musalephere, ndipo musapite nokha. Ngati ndi kwa wakatapila kapena ku khoti ndi nkhani inanso. Simukuyenera kutiuza ife, koma sankhani munthu mmodzi wosunga pakamwa, kaya mayi busa, kaya mayi wamkulu wa Chigwirizano kapena wa ku mphakati ngati ndinu a Katolika, mumuuze zonse lero. Mutu umodzi susenza denga. Ine amuna anga atamwalira ndinalemba Yesaya 41:10 pa katoni n'kukhoma pafupi ndi neti, ndikadzidzimuka ndinkayatsa tochi ya foni n'kuwerenga mokweza. Mantha sanathe tsiku limodzi, koma ndinkagonako.

Bambo a Chisomo: Kulemba pa katoni popanda kusala kudya ndi kukongoletsa khoma chabe. Ine ndanena, amene ali ndi makutu amve.

Siginala wa ku Senga Bay: Akulu, mwalankhula kanayi tsopano, apatseniko mpata ena.

Achimwene a pa Kamuzu Road: Za banki mkhondezo kauzeni a komiti msanga chiwongoladzanja chisanakwere, akatenga ndi mapoto omwe anthu amenewo.

Mayi a Tadala: Mayi, lero mwadya? Tiyankheni, pa 14 mukupita kuti?