Zimbale 5 zazifupi kuti zilowe mu DVD imodzi, pleya ikukana, thandizani akuluakulu

Tiyamike:
Mwaswera bwanji akuluakulu a ntchito. Ndili ndi vuto landidyera masiku awiri tsopano. Kwabwera kasitomala mayi wina wake ndi zimbale 5 za mavidiyo a pabanja pawo, 3 ndi timadisiki tating'ono tija ta 8cm tochokera mu kamera ya DVD, 2 ndi ma VCD akalekale, akufuna zonse zikhale mu chimbale chimodzi choti azingoika mu pleya yawo yakale osamasinthasintha. Akuti mu VCD imodziyo muli malemu bambo awo akuyankhula ndiye sakufuna izipalika tsiku ndi tsiku. Poyamba ndinangokopa ma foda a VIDEO_TS onse, omwe mumakhala mavidiyo a DVD, mu foda imodzi kompyuta inayamba kufunsa za replace chifukwa mayina ndi ofanana, ndinawasintha mayina ndekha nkubena (kulemba pa chimbale), pleya yangolemba disc error. Kachiwiri ndinaponya zonse mu pulogalamu ya Nero Vision, yatenga maola pafupifupi 4 ikukonveta, chimbale chatuluka chikusewera inde koma nkhope zasanduka timabokosi makamaka pamene kamera ikuyenda, pomwe pa ka disiki koyambirira chithunzi chili bwinobwino. Komanso ka disiki kachitatu kompyuta ikukaona ngati kopanda kanthu koma ukakatembenuza pansi pakuoneka kuti panalembedwa. Ndataya kale ma blank awiri, nditani apa?

NaBanda Video:
Achimwene yambani ndi ka disiki kachitatuko musanapange china chilichonse, ndipo chonde Windows ikakufunsani kuti format musadine. Kameneko sikanapangidwe finalize, kamera ija imalemba mavidiyo koma ma fayilo ouza pleya kuti chili pati imawalemba pomaliza pake munthu akadina finalize. Afunseni mayiwo ngati kamerayo ikadalipo, mukaikemo nkupanga finalize kamera ili pa chaja osati pa batire chifukwa ikazima pakati mwaononga. Ngati kamera kulibe gwiritsani IsoBuster, imatha kuona zimene zili pa disiki yosatsekedwa nkuzitulutsa.

Chimwemwe_edit:
Aise ikani DVD Shrink basi, dinani pa Re-author, muziika disiki imodziimodzi kukoka ma title ake kupita kumanzere, ikatha imakupangirani VIDEO_TS yatsopano yolondola. Ndi pulogalamu yakale anasiya kuikonza mu 2004 koma mpaka pano imagwira ntchito, ine ndaphatikiza nayo timadisiki ta kamera tambirimbiri.

Mdala Kabena:
Chimwemwe, za DVD Shrink mwanena zoona pa timadisiki titatuto koma VCD siiwerenga, mu VCD mulibe VIDEO_TS muli foda ya MPEGAV ndi ma fayilo a AVSEQ01.DAT, komanso Re-author imataya menyu ndiye mayiwo akafuna kuona bambo awo adzayamba kudutsa zina zonse. Tiyamike mwana wanga, musanasankhe pulogalamu tiuzeni kaye kukula kwa chilichonse. Kopani disiki iliyonse mu foda yakeyake pa hard disk, disc1, disc2 choncho, mutiuze ma GB ndi maminitsi ake. Ndikukayika ngati pakufunika kukonveta chilichonse apa.

Tiyamike:
Zikomo mayi NaBanda, kamera ilipo ndithu anabwera nayo madzulo ano, finalize yatheka ndipo disiki ikuoneka tsopano, mtima unali m'mwamba. Mdala, kukula kwake ndi uku mmene Windows ikuonetsera: disc1 1.30 GB maminitsi 30, disc2 1.33 GB maminitsi 30, disc3 0.95 GB maminitsi 21, VCD yoyamba maminitsi 25, yachiwiri 31, ziwirizi pamodzi zikukwana ngati 0.57 GB. Zonse ndi za mtundu wa vidiyo wa PAL, ndaona pa pulogalamu ya MediaInfo.

Mdala Kabena:
Eya, ndi zimene ndimaganiza. Werengerani nokha, 1.30 kuphatikiza 1.33 ndi 0.95 ndi 3.58, kuika 0.57 ya ma VCD zikukwana 4.15. DVD-R imene pa chikuto analemba 4.7 GB Windows imaiona ngati 4.37 chifukwa opanga zimbale amawerenga ma 1000 pomwe kompyuta imawerenga ma 1024, ndiye malo anu enieni ndi 4.37 ndipo 4.15 ikulowa nkutsala kamalo ka menyu. Kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chikhoza kulowa mmene chilili osachikhudza nkomwe.

Chimene chinachitika ku Nero kwanuko ndi ichi. Inaphatikiza maminitsi onse 137 nkugawa malo mofanana, ndiye pa maminitsi amenewo chimbale chimodzi chimapereka pafupifupi 4.5 Mbps (kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse ya vidiyo) kuphatikizapo mawu. Timadisiki ta kamera tinali pa 6 Mbps ndi kupitirira pang'ono, yatitsitsa nkutifinyanso kachiwiri, ndi timabokosi mukuonato. Pomwe VCD ndi 352x288 pa 1150 kbps basi, iyo yaikoka kufika 720x576 nkuipatsa ma Mbps 4 omwewo ngati kuti ikhala bwino, koma VCD ngakhale muipatse malo ochuluka bwanji siingaonjezere chimene kamera sinasunge. Ndiye yalanda malo kwa zabwino nkupatsa zimene sizimawafuna, mbali zonse ziwiri zaonongeka.

Chimene ambiri sadziwa nchoti malamulo a DVD-Video amalola MPEG-1 ya 352x288, chithunzi cha VCD chimalowa pa DVD chosasintha. Chokhacho chokanika ndi mawu, VCD ili pa 44.1 kHz pomwe DVD imafuna 48 kHz. Ndiye mumasintha mawu okha, ntchito ya mphindi imodzi kapena ziwiri osati maola 4.

Chimwemwe_edit:
Mdala izi za 352x288 pa DVD zoona? Ine ndimaona ngati pleya imangofuna 720x576, nthawi zonse ma VCD ndimawakonveta ndisanabene.

Mdala Kabena:
Zoona ndithu achimwene, pa PAL zololedwa ndi 720x576, 704x576, 352x576 ndi 352x288. Imene siloledwa ndi ya SVCD ija ya 480x576, imeneyo ndiye mumayenera kukonveta kapena kungodalira mwayi kuti pleya ivomera. Nchifukwa chake kale tinkaika ma VCD okwana maola 7 pa DVD imodzi, VCD imadya pafupifupi 10 MB pa miniti, gawani 4.37 GB muona.

NaBanda Video:
Ndionjezere pa za mdala. Kusintha mayina a ma fayilo kuja sikungatheke chifukwa ma VOB, ma fayilo osunga vidiyo yeniyeniyo, ndi nyama chabe, chimene pleya imawerenga poyamba ndi VIDEO_TS.IFO ndipo mmenemo munalembedwa kuti ma title alipo angati ndipo akuyambira pa sector iti, ndiye ukangotcha fayilo VTS_02 pamanja IFO ija siikudziwa kuti kwabwera mlendo. Pakufunika pulogalamu ya authoring, yosanja mavidiyo kuti akhale DVD, ilembe ma IFO atsopano. Ine ndimagwiritsa DVDStyler ndi yaulere ndipo menyu imapanga. Koma chenjerani apa, VOB siipitirira 1 GB, ndiye disc1 yanu mupeza VTS_01_1.VOB ndi VTS_01_2.VOB, imeneyo ndi vidiyo imodzi yodulidwa pakati osati ziwiri, mukaziika padera padzakhala kudumpha pamalo podulapo nthawi zina pakati pa mawu a munthu. Ziphatikizeni kaye, pa cmd lembani copy /b VTS_01_1.VOB+VTS_01_2.VOB disc1.vob kapena gwiritsani VOB2MPG. VTS_01_0.VOB isiyeni ndi menyu yakale.

Mdala Kabena:
Ndipo pa ma VCD ngati muli ndi ffmpeg lembani chonchi

ffmpeg -i AVSEQ01.DAT -c:v copy -c:a ac3 -ar 48000 -b:a 192k -f dvd vcd1.mpg

copy ameneyo ndi amene akuteteza chithunzi. Ikakana kuwerenga DAT idutsitseni kaye mu VCDGear isanduke mpg, osangosintha dzina kuchoka .DAT kupita .mpg ayi chifukwa DAT ili ndi zina zake za CD mkati zimene zimasokoneza authoring. Muonenso mu MPEGAV ngati muli AVSEQ02 ndi ena, pena vidiyo yeniyeni imakhala yachiwiri. Mu DVDStyler pa properties za vidiyo iliyonse chongani kuti isapange transcode, kapena kuti kukonveta, mukaiwala pamenepa ibwerezanso zomwe zija za Nero.

Tiyamike:
Ndatsatira zonse ndipo ISO, fayilo imodzi ya chimbale chonse yoti ndibene, yatuluka m'maminitsi osakwana 20, ndadabwa kwambiri. Ndabena pa DVD-RW kuyesera kaye poopa kutaya blank ina. Pa pleya menyu ikubwera, disc1 ndi disc2 zili bwino ngati zoyambirira zenizeni, timabokosi tatha. Koma pali mavuto awiri, disc3 anthu akuoneka owonda ataliatali ngati awafinya m'mbali, ndipo ma VCD ndikadina chithunzi chikubwera chosokonekera pena sikirini ingoda mawu okha akumveka. Pa VLC pa kompyuta zonse zikusewera bwinobwino ndiye sindikumvetsa.

Chimwemwe_edit:
VLC musamaikhulupirire pa zimenezi, imasewera chilichonse ngakhale chimbale cholakwika, mayeso enieni ndi pleya ya pa TV. Disc3 yo taonani pa MediaInfo ngati si 16:9.

Tiyamike:
Shuwa ndi 16:9, ziwiri zoyambazo ndi 4:3, zikuoneka kuti anasintha setting ya kamera pakati.

NaBanda Video:
Ndiye vuto lanu ndi limodzi lomwelo pa zonse ziwiri, mwaika zonse mu titleset imodzi, kutanthauza gulu limodzi la mavidiyo pa DVD. Pa DVD, aspect ratio, kukula kwa chithunzi, ndi zoti ndi MPEG-1 kapena MPEG-2 sizilembedwa pa vidiyo iliyonse, zimalembedwa kamodzi mu IFO ya titleset yonse. Ndiye IFO yanu ikunena kuti zonse muno ndi MPEG-2 720x576 4:3 chifukwa yatengera vidiyo yoyamba, pleya ikakumana ndi 16:9 ikuifinya, ikakumana ndi MPEG-1 ya 352x288 ikusokonezeka. Pangani ma titleset atatu, woyamba disc1 ndi disc2, wachiwiri disc3 yokha muuike 16:9, wachitatu ma VCD awiri aja. Malo alipo DVD imalola mpaka 99. Menyu yaikulu ikhale ya VMGM, menyu ya chimbale chonse, kuti mabatani athe kulumphira ku titleset iliyonse. Zinandichitikirapo ine zimenezi kalekale, ndinapereka chimbale kwa kasitomala ndisanachiyese pa TV, anabwera nacho mawa lake akuti mwana wawo pa vidiyo nkhope yatalika ngati si iyeyo, ndinachita kubwereza ntchito yonse usiku, kuyambira tsiku limenelo sindipereka chimbale ndisanadine batani lililonse pa rimoti.

Mdala Kabena:
NaBanda wanena ndendende. Mwayi wanu ndi woti zonse ndi PAL, pakanakhala imodzi ya NTSC bwenzi tikukamba zina chifukwa PAL ndi NTSC pa chimbale chimodzi malamulo salola ndipo ma pleya ena amakana, pamenepo ndiye kukonveta kumakhala kosathawika. Chinanso onani chimene chichitike vidiyo ikatha, ikani kuti ibwerere ku menyu, kapena ngati mayiwo akufuna zizingotsatana ikani batani la play all. Anthu achikulire ambiri rimoti inasowa kalekale amangodina play pa pleya pomwepo, ndiye afunseni, ngati rimoti alibe pangani kuti chimbale chizingoyamba chokha nkumapitirira mpaka kumapeto.

Chimwemwe_edit:
Funso langa mdala, zikanakhala kuti sizikukwana, tinene 5 GB, mukanatani? DL, chimbale cha ma layer awiri, kapena kufinya?

Mdala Kabena:
Ine pa pleya yakale DL ndimaiopa. DVD+R DL ili ndi 8.5 GB inde koma ma pleya akale ambiri amavutika nayo makamaka posintha layer, ena amaima pomwepo. Kukanakhala kupitirira pang'ono ngati 5 GB ndikanapanga authoring yonse kaye kenako nkuidutsitsa mu DVD Shrink yanu ija ifinye timadisiki ta kamera tokha, kutsika pang'ono choncho diso silimaona kwenikweni. Kupitirira kwambiri ndimangomuuza kasitomala chilungamo kuti zimbale ziwiri, maola atatu a 720x576 pa chimbale chimodzi ndiye kuti mwatsikira pa 3 Mbps ndi pang'ono, mavidiyo a kamera ya m'manja ogwedera aja samapirira pamenepo pokhapokha mutsitse ku 352x576.

Tiyamike:
Akuluakulu zatheka. Ma titleset atatu, DVD-RW yasewera zonse pa pleya yanga, ndinapitanso nayo kwa mayiwo kukayesa pa yawo yeniyeniyo, anthu a pa disc3 abwerera matupi awo ndipo VCD ya malemu ija ikuoneka chimodzimodzi ngati yoyambirira, mawu ndi milomo zikuyendera limodzi mpaka kumapeto. Mayiwo anakhala chete maminitsi onse 25 atagwira rimoti m'manja osadina kanthu. Rimoti ali nayo ndiye menyu ndaisiya, ndangokulitsa zilembo za mabatani chifukwa amati sakuziona bwino ali pampando. Tsopano ndikufuna kubena yomaliza, ma blank anga ndi a 16x, ndibene pa spidi yanji ndipo DVD-R kapena DVD+R?

NaBanda Video:
DVD-R, ma pleya akale amaivomera kwambiri kuposa +R. Benani ISO yomweyo imene mwayesayo ndi ImgBurn pa write image file to disc, musapangenso ina, spidi 8x kapena 6x pa blank ya 16x zili bwino, ndipo Verify ikhale yochonga. Poti 4.15 ikufika kufupi ndi m'mphepete mwa chimbale ndipo kumeneko ndi kumene ma blank osalimba amayambira kulephera, ikatha muiike mu pleya mulumphire ku VCD yachiwiri muonere maminitsi 5 omaliza. Polemba dzina gwiritsani maka ya CD osati stika ya pepala.

Mdala Kabena:
Ndipo ISO ija ndi ma foda 5 oyambirira muwaikire pa flash muwapatse limodzi ndi zimbale zawo zakale, muwauze asataye chilichonse, chimbale chobena kunyumba utoto wake umafooka ndi zaka makamaka chikamakhala padzuwa. Benani awiri, imodzi aziionera ina aisunge mu kesi.

Tiyamike:
Ndabena awiri pa 8x, Verify yadutsa onse, maminitsi omaliza a VCD yachiwiri asewera osadumpha. Flash ndikuikopera pano. Chimwemwe lamulo la ffmpeg lija ndinangoonjezera AVSEQ02 chifukwa pa VCD yachiwiri AVSEQ01 inali ka logo ka masekondi 8 basi, mukamayesa zanu muyambe mwaona kukula kwa ma fayilo.