Thandizeni: mtengo wa mipeni yakale umadziwika bwanji?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Malemu malume anandisiyira kabokosi ka mipeni, ina anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Ndikufuna buku kapena tsamba la pa intaneti losonyeza zizindikiro za opanga mipeni, zaka zake ndi mitengo yake.

Iwiri ndi Okapi yopinda, ija ya kamphete kokoka potseka, chogwirira chamtengo chokhala ndi kamwezi ndi tinyenyezi. Wina unalembedwa kuti Germany, winawo South Africa. Okapi inayamba kupangidwa ku Germany mu 1902 ndipo fakitale inasamukira ku South Africa mu 1988, ndiye wa Germany uja ndi wamkulu pa zaka. Koma kodi ukulu wokhawo umakweza mtengo? Nanga wabodza ndingauzindikire potani, poti ofanizira adzaza m'misika?

Umene ukundisowetsa tulo ndi wachitatu, wolembedwa Sheffield (mzinda wa ku England wotchuka ndi mipeni) pafupi ndi chogwirira. Chogwiriracho ndi cha nyanga, chinang'aluka pang'ono, ndipo dzina la wopanga laphimbika ndi dzimbiri. Mlendo wina ku Cape Maclear atauona pafoni anafuna kuugula pompo. Changu chakecho ndi chimene chinandichititsa kukana.

Anzanga asodzi akuti ndiukweche ndi mchenga uwale, ena akuti ndikaunola ndaupha mtengo. Zoona ndi ziti? Komanso mitengo ya madola imene amalemba kunja imagwira ntchito kuno? Amene munalowapo ku Lake Malawi Museum pa boma la Mangochi, alipo amene angandionere zoterezi?